Woyamwa Wachiwiri

Amene anamulakwira Cristóvão ndi a Madalena, mayi aakulu a mkazi wake Eugénia. Dzinalo likhale poyamba, chifukwa anthu a m'mudzi muja mpaka lero amalilambalala ngati dzenje la panjira.

Zinayamba madzulo ena Cristóvão akuthira madzi pamafuwa. Zaka zimenezo nkhondo ili pakati, moto sunkagona m'mudzi. Dzuwa likapendeka aliyense ankazimitsa moto, kukulunga mphasa, n'kupita kukagona kuphanga la m'matanthwe kuseri kwa bango, poti matsanga, zigawenga zolimbana ndi boma, ankatsika kuphiri potsata utsi. Mudziwo unali pakati pa Cobue ndi Msumba, wopanikizika ngati chala pachitseko. Kumtunda matsanga. Njira ya ku Msumba, kumene kunali chipatala, inali yodzala mabomba okwirira. Mabwato onse a milisiya, asilikali a boma olondera mudzi, ankawamanga pamodzi ndi unyolo kuti anthu asathawe. Likoma anthu ankangomudya ndi maso.

Eugénia anali pakhonde, mimba itafika pachifuwa, mapazi atatupa moti zala zinkaoneka ngati zomata. Ndiye anafika Selemane, msodzi, mnzake wa Cristóvão. Masiku onse Selemane ankayamba ndi chipongwe, kumutcha wa ku Maniamba wogwira nkhafi ngati khasu. Tsikulo sanaseke. Ananjuta pafupi ndi phulusa lonyowa n'kunena kuti khanda la mkazi wake Zainabo latsirizika masana. Linali lachitatu m'mudzimo chiyambire chaka, ndipo onsewo anapita njira imodzi. Mayi amagona mabere ali odzaza, m'mawa amadzuka ali phwa ngati matumba opanda kanthu, nsonga zake zikununkha dothi lonyowa. Mwana amakoka, amakoka, mpaka liwombo kulowa m'kati.

"Nsapo ya mwana wako anakwirira ndani?" anafunsa Cristóvão motsitsa mawu. Si nkhani ya amuna imeneyo, koma anafunsa.

"Azamba."

"Kuseri kwa nyumba yako?"

"Ndafukula ponse, mzanga. Palibe."

Azambawo anali a Madalena, ndipo m'mudzi monse analipo okha. Mwambo wa kumeneko ndi woti nsapo, chija chimatuluka pambuyo pa mwana, amaikwirira kuseri kwa nyumba ya mayi wake, kuti mkaka udziwe kwawo. Koma chiyambire nkhondo amayi ambiri ankachirira kuphanga, pathanthwe popanda dothi, ndiye a Madalena ankakulunga nsapo m'kachidutswa ka kapulana, chitenje cha kumeneko, n'kunena kuti akakwirira okha. Palibe ankawatsata.

Panali chifukwa chake chimene palibe ankawatsata. Ulendo woyamba matsanga atalowa m'mudzi, anthu onse anabisala m'phanga lomwelo, ndipo a Madalena anali ndi khanda lawo lachitsiriza, mwana wa paukalamba. Linayamba kulira mapazi a anthu amfuti akumveka pamwamba pa thanthwe. Iwo analikanikiza pachifuwa, osalipatsa bere, kungolitseka mphuno ndi pakamwa pomwe, mpaka mapaziwo atapita. Aliyense amene anatuluka wamoyo m'phanga muja anatuluka chifukwa cha mwana ameneyo. Ndiye munthu wotero mungamufunse chiyani?

Ali panjira yopita kuphanga, Cristóvão anamuuza mkazi wake zonse. Eugénia anapsa mtima. Anati a Madalena ndi amene anamulera mayi ake atamwalira, ndipo wobwera ngati iye asamatukwane pakhomo pamene anamupatsa malo.

"Mukufuna ndikachire ndi ndani? Ndi inu? Mchombo mudzadula ndi chikwanje?"

M'mawa mwake Cristóvão anakapempha kwa mkulu wa milisiya kuti amulole kuwolotsera mkazi wake ku Likoma. Mkuluyo anamuuza kuti akalola mimba imodzi, mawa mudzi wonse udzakhala ndi mimba, amuna omwe. Anaganiza za kwawo ku Maniamba, koma kumeneko kunali kuseri kwa phiri la matsanga. Chinatsala n'chimodzi basi. Anadziuza kuti tsikulo likadzafika adzadikira panjira ya kuphanga, ndipo kamtoloko adzawalanda a Madalena m'manja, anthu anene zimene anganene.

Tsikulo linafika mwezi usanakwane. Mfuti zinalira cham'mawa kumbali ya kuphiri, anthu anasiya usipa pathandala n'kuthamangira kumatanthwe. Eugénia anathamanga atagwira mimba ndi manja awiri, ndipo asanafike pakhomo pa phanga nsupa inasweka. Amayi anamukokera m'kati, amuna anawathamangitsira m'bango. Kuti asakuwe, anamulumitsa nsalu. Cristóvão anagona chafufumimba m'matope, udzudzu ukumudya, akumva kubuula kotsekedwa kuja ngati mbuzi yomangidwa pakamwa. Dzuwa litafika pamutu kunamveka kakulira kakang'ono, kenaka zii.

Anakwawa n'kukaima pamene njira imapyola pakati pa thanthwe ndi madzi, pamalo poti anthu awiri sangadutsane. A Madalena anatulukira, manja ali magazi mpaka m'zigongono, kamtolo kali m'khwapa. Anayenda molunjika kwa iye osafulumira.

Apa ndi pamene panaonongekera zonse, ndipo palibe mankhwala amene anamuchita. Chikwatirire chake, Cristóvão anali asanawayang'anepo a Madalena kumaso. Anali apongozi ake. Mkamwini akakumana ndi apongozi panjira amapatuka, amanjuta, nkhope kuloza kutchire. Anachita zimenezo kambirimbiri, pachitsime, pamunda, pamaliro, mpaka miyendo inaphunzira yokha. Mutu unkati landa, koma miyendo inatsika m'madzi, mawondo anapinda, khosi linatembenukira kubango.

"Zikomo apongozi," anatero a Madalena podutsa. "Mwalandira mlendo wamkazi."

Ndipo Cristóvão anawomba m'manja kuthokoza. Pamene nzeru zimabwerera, n'kuti mayiwo atalowa kale m'bango, ndipo sanaone kumene analowera.

Mwanayo anali wamng'ono kwambiri, wokwana m'chikhatho ndi theka, koma woyamwa mwaukali. Mkaka wa Eugénia unabwera wambiri, unkadontha wokha n'kunyowetsa kapulana mpaka m'chiuno. Mchombo utagwa anamutcha Felicidade, ndipo Cristóvão analoledwa kuyala mphasa yake pafupi ndi mkazi wake. Anayamba kuganiza kuti mwina Selemane analankhula ndi chisoni chabe.

M'phanga muja lamulo linali limodzi: palibe moto, palibe mawu. Wachifuwa ankatsokomolera m'nsalu. Sabata imeneyo kunamveka kuti matsanga akugona kumtsinje pafupi, ndiye anthu ankapuma monyengerera. Mumdima wotero khutu limakula. Cristóvão anamva mwana wake akuyamwa, kakumeza kofulumira kaja ka khanda. Kenaka fungo linafika, la dothi lofukulidwa kumene losakanikirana ndi mkaka wosasa. Ndipo anamva kumeza kwina, kwapang'onopang'ono, kolemera, ngati ng'ombe pamtsinje. Kumeza kuwiri pachifuwa chimodzi.

"Eugénia, uli maso?"

"Ndili maso."

"Winayo ndi wa ndani?"

"Musamukhudze. Akalira atimva."

Iye anatambasula dzanja ndithu. Linagwera pakamutu kozizira ngati mwala wa pansi pa madzi, tsitsi lake lomatana ndi matope. Kanthuko sikanasiye kuyamwa. Kanangotembenuza nsagwada pang'ono, ndipo chala chake chinakhudza mano. Anabweza dzanja n'kuliika pakamwa pake. Kukuwa sakanatha, kuyatsa moto sakanatha, kuthawa analibe kothawira. Anagona chomwecho akumvera mkazi wake akumwedwa, anthu ena onse ali phee, ndipo anadziwa kuti ambiri mwa iwo sali m'tulo.

Kutacha, mabere a Eugénia anali lende, lakumanzere lili ndi timabala tozungulira nsonga. Felicidade anakoka mpaka kutopa. Masana mkaka unkayamba kubwerera, mwana n'kupezako timadontho, koma mdima ukagwa winayo ankafika n'kutsiriza zonse. Cristóvão ndi mkazi wake anayesa kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa, mwana anasanza. Anafuna mayi wina woti amuyamwitsire, koma otsalawo ankabisa ana awo kumsana n'kutembenuka. Anayesa kugona m'nyumba yawo m'mudzi, kulolera matsanga. Kanthuko kanawapeza komweko, chitseko chili chotseka. Eugénia anasiya kuwatchula a Madalena, ndipo nawonso sanabwere kudzaona mdzukulu.

Makanda amakwiriridwa ndi amayi okha, amuna sadziwa malo. Zainabo ndiye anaswa mwambo. Anamulozera Cristóvão ndi mlomo pamkuyu wina wa m'mbali mwa dambo, n'kupitiriza ulendo wake ngati sananene kanthu. Cristóvão anapita dzuwa likuswa mtengo, khasu lili paphewa. Malowo sanasowe. Dziko lonse linali louma gwa, koma pansi pa mkuyuwo panali ponyowa, nyerere zili mizeremizere, ntchentche zikuwirira, fungo la mkaka wosasa likutseka mmero. Atakumba pang'ono dothi linayamba kutuluka loyera. Timitolo tinali pamenepo, toyalidwa mozungulira kadzenje kamodzi kapakati, ngati mbale pamphasa.

Anafuna ka Eugénia, kansalu kofiira ka maluwa achikasu. Tonse tinali tofiira ta maluwa achikasu. Chaka chimenecho kusitolo kunafika mpukutu umodzi wokha wa kapulana, ndipo mudzi wonse unavala womwewo.

"Mukufukula chakudya cha mwana wanga, apongozi."

A Madalena anali ataima kumbuyo kwake ndi mtolo wa nkhuni. Ulendo uno Cristóvão anawayang'ana kumaso. Sanaone maso ofiira kapena mano a fisi. Anaona mayi wotopa, basi.

"Amayi, kamtolo ka Eugénia ndi kati?"

"Sindisiyanitsa. Iyenso sasiyanitsa."

"Mwana wanga akufa."

"Wanga anafa ndi njala bere lili pamphuno pake, kuti mkazi wanuyo akhale ndi moyo mudzamukwatire. Ndinamumana ine. Ndiye akayamwe kuti?"

Anasenzanso bwino nkhuni zawo n'kumapita. Cristóvão anatola timitolo tonse, kutikulunga m'malaya ake, n'kukatikwirira kuseri kwa nyumba yake, poganiza kuti ka Eugénia kali pakati pomwepo ndipo mkaka ubwerera kwawo. Sanaganize kuti mwana amatsata mbale yake. Kuyambira tsikulo kanthuko kanasiya amayi ena onse. Kanakhala ka Eugénia yekha, ndipo sikankadikiranso mdima weniweni. Nkhuku zikamalowa, fungo lija linkakhala litafika kale pakhonde.

Cristóvão anakanena kwa akuluakulu a mudzi, timabala ta pabere amayi ena anationa ndi maso awo. Akuluakuluwo anayang'ana pansi. Wina anati ana a anthu ena achira, asadzutse zogona. Wina anati mkamwini ndi mlendo, nkhani za m'banja la eni ake sazenga. Malume ake a Eugénia anangomufunsa Cristóvão kuti tsiku lija la matsanga anali m'phanga kapena kwawo ku Maniamba. Mlandu unathera pomwepo.

Felicidade anamwalira masana, bere lili m'kamwa, ali wopepuka ngati chisa cha mbalame. Amayi anamutenga kukamuika kumene amadziwa okha. Cristóvão anakana kuti a Madalena akhale nawo, ndipo chimenechi chokha ndicho anamumvera.

Pasanathe mwezi, mkazi wa mkulu wa milisiya uja anafika masiku ake. Unyolo unamasulidwa, bwato limodzi linakankhidwira m'madzi m'mawa anthu onse akuona, kupita ku Likoma. Anati mayi woyembekezera sangawoloke popanda azamba. A Madalena anakhala kutsogolo, kamtanga kawo pamiyendo, osacheuka. Bwato linabwerako, iwo sanabwere.

Mwana wawo sanamutenge. Mkaka wa mayi wofedwa umauma wokha, koma wa Eugénia sunaume. Cristóvão anafukula timitolo tija n'kutibwezera pamkuyu, sizinathandize, kanthuko kanali katazolowera. Anamanga mabere a mkazi wake ndi nsalu zolimba, m'mawa ankapeza mfundo zitatafunidwa. Nkhondo inatha, mabomba anawazula, anthu anayambanso kugona ndi moto m'nyumba, koma Eugénia anakana kusamuka ndipo anakana nyali kuchipinda. Mimba ina sanatengenso, poti woyamwitsa satenga mimba. Pogona amasendera kukhoma, kusiya malo kumanzere kwake, ndipo nthawi zina Cristóvão amamumva akung'ung'udza kanyimbo kotonthoza.

A Madalena anakalamba bwino ku Likoma, akubadwitsa ana a anthu n'kumalandira nkhuku. Sanatumize uthenga, sanabwere pamaliro alionse, sanapepese. Kwa Cristóvão ali ndi ngongole ya mwana mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndipo sanabweze.