Laputopu Yotsegula pa Mlatho

Magetsi atathima, mmisiri wa makompyuta anakhoma shopu usiku, atanyamula laputopu yotsegula ngati beseni lodzaza madzi. Kunyumba kunalibe womudikira. Mkazi wake anamwalira kalekale.

Laputopuyo anabwera nayo mayi wina masana. Inkakana kuyaka, mafayilo atasokonekera.

"Muli zithunzi za bambo a mwana wanga," anatero mayiyo. "Anabadwa iwo atatisiya. Nkhope yawo saidziwa."

Mmisiri anaiyatsira pa fulashi yokhala ndi pulogalamu yokonzera mafayilo. Pulogalamuyo inkafunsa chimodzichimodzi: apa pawonongeka, ndifufute? Amisiri anzake amangovomera zonse n'kukagona. Iye ayi. Kuzimitsa ntchito ili mkati kukanawononga zotsalazo, choncho anayenda nayo ikugwira ntchito, kuti akaitchaje pa sola kunyumba.

Pa mlatho, chizindikiro cha batire chinafiira. Funso linanso linabwera. Anali atatopa. Chala chinalunjika pa inde...

"Ayi, amisiri."

Pambali pake panali munthu. Mapazi ake sanamveke. Jekete yake inkadontha madzi, chonsecho mvula sinagwe. Pachipumi anali ndi chipsera.

"Pamenepo musafufute. Ndi pamene ndili."

Mmisiri anafuna kufunsa. Koma anamva fungo la matope. Dontho lozizira linagwera pa batani la ayi. Anakweza laputopu kuti aone bwino, ndipo kuwala kunadutsa pachifuwa cha munthuyo n'kuonetsa zitsulo za mlatho kumbuyo kwake!

Tsitsi linaima. Athawe? Laputopu ikanagwa. Anadina ayi.

Anayenda. Sanathamange. Kumbuyo, tho... tho... tho... Pafupi. Pafupi kwambiri.

"Gwirani bwino," anamva pakhutu.

Sanacheuke mpaka pakhomo. Analumikiza chaja, nakhala pansi nyali ili chiyakire.

Kutacha, ntchito inali itatha. Pamalo paja sanafufute panatuluka foda yopanda dzina. Sanaitsegule. Sinali yake.

Mayi uja anafika kushopu ndi kamtsikana kake, naitsegula yekha fodayo. Munali chithunzi. Mwamuna akuseka. Jekete ija. Chipsera chija.

"Ndi awa ababa ako, mwanangu," anatero mayiyo. "Madzi osefukira anawakokolola pa mlatho uja, iwe uli m'mimba."

Kamtsikana kanagwira nkhopeyo ndi chala. "Amayi, mphuno yawo ngati yanga!"

Mmisiri anangoyang'ana batani la ayi, pamene panaumira dontho la matope.