Kaphulika wa Luiza

Dzuwa linali litapendeka ndipo phiri linali litayamba kuda pamene Mervis anatuluka ndi ndowa kukathirira maluwa ake m'mbali mwa msewu, kufupi ndi Chinakanaka. Madzi ankathira m'timachubu takuda, koma maso ake anali tsidya lina la msewu. Kumeneko kunali kutaima galimoto yoyera, ndipo mayi wina wa m'tauni ankaseka atakumbatira kadengu kosefukira maluwa ofiira.

Tsidyalo linali la Luiza. Amayi awiriwa anadziwana m'munda wa tiyi, madengu ali kumsana. Mervis ndiye anayamba kusiya tiyi n'kutsegula geni ya maluwa, ndipo ndiye anaitana Luiza, mwana wa anthu amene anathawa nkhondo ku Mozambique. Anamuphunzitsa kusakaniza dothi ndi manyowa, kudzaza timachubu, ngakhale kuitanira makasitomala. Kwa zaka zingapo ankakhala pamthunzi umodzi, chimanga chootcha n'kumagawana pakati.

Chimene chinawalekanitsa chinali duwa. Kuphiri, m'mbali mwa timitsinje tozizira, mumamera kachitsamba kofewa kamene odziwa maluwa amati impeshensi. Anthu a pamudzipo ankangoti kaphulika, chifukwa kachipatso kake kakakhwima, ukangokakhudza kamaphulika kuti thu! njere n'kumwazika. Kaphulika wakuphiri amayanga n'kulendewera bwino, koma maluwa ake ndi ang'onoang'ono, otumbuluka. Wa m'tauni ali ndi maluwa akuluakulu koma amangoima njo, ndipo sachedwa kuthyoka. Luiza anaganiza zowakwatitsa.

M'mawa uliwonse ankatenga nthenga ya nkhuku, kupala mungu pa duwa lina n'kupaka pa linzake. Kenako ankamangapo kachidutswa ka neti yakale ya udzudzu kuti njere zisathawe. Ankafesa m'mabeseni obooka, kudikira, kutaya, n'kuyambiranso.

"Iwe Luiza, udzakwatitsa maluwa mpaka liti?" Mervis ankamuseka. "Nanga ankhoswe ake ndani?"

"Ndinu amene, achemwali," Luiza ankayankha, naye akuseka.

Chaka china m'beseni limodzi munatuluka mbewu yosiyana ndi zinzake zonse. Luiza anaichulukitsa podula timitengo n'kutiviika m'mabotolo a madzi mpaka titatulutsa mizu. Mlongo wake, Dario, anamulukira timadengu tansungwi, n'kutipachika pa mtengo wa mango ndi zingwe. Maluwawo anatsika m'timadengumo ngati madzi pa mathithi, ndipo magalimoto amene kale ankangodutsa anayamba kuima.

Kenako kunabwera a Harold, bambo wogulitsa mbewu za maluwa ku Blantyre. Anagwada pansi pa mango ndi rula m'manja, akuyeza, akujambula, akulankhulira mu foni yawo.

"Nthambi zofewa koma zosathyoka, zolendewera mpaka kupitirira kadengu. Tsamba lobiriwira modera, kunsi kwake kofiirira, m'mphepete ngati macheka. Duwa lofiira kwambiri, pakati pali kadiso koyera, kumbuyo kamchira kopindika." Anadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo. "Mayi, duwa ili kulibe kwina. Likufunika dzina."

"Ine sindidziwa mayina a maluwa, bambo."

"Dzina lanu lomwelo. Tilitcha Luiza."

Mervis anamva zonsezi ali tsidya lake, ndowa ili m'manja. Madzi anasefukira m'kachubu mpaka kum'nyowetsa mapazi, iye osazindikira.

Luiza sanali womana. Tsiku lomwelo anaoloka msewu ndi mabotolo a timitengo. "Tengani, achemwali. Muzigulitsa nanunso." Mervis anathokoza, ndipo maluwawo anam'phukira bwino. Koma kasitomala aliyense woima pa iye ankafunsa chimodzimodzi: "Kodi uyu ndi Luiza uja?" Ndipo iye ankayenera kuvomera. Kuti agulitse ankayenera kutchula dzina la munthu amene anam'phunzitsa yekha kugwira dothi. Dzinalo linayamba kum'wawa m'kamwa ngati tsabola.

Kupitirira Nkando kunkakhala a Jailos, amene masana ankakonza njinga. Zina zimene ankachita anthu ankazinena monong'ona. Mervis anafikako chisisira chikugwa, atadzifunditsa chitenje kumutu. M'nyumbamo munkanunkha mafuta a nsatsi ndi chikopa chonyowa.

"Sindikufuna zambiri," anatero Mervis. "Ndikungofuna manja a Luiza azizire."

"Onse obwera muno amayamba choncho," anayankha a Jailos. Anam'patsa kamfundo kakuda ka mankhwala. "Mutape dothi pamene waponda wopanda nsapato. Musakanize ndi izi mu mphika watsopano, mudzalemo kamtengo ka duwa lakelo, muzikaitana dzina lake. Chimene muchite pa duwalo chichitika pa iye. Koma nthambi zam'mbalizo ndi abale ake. Musamale nazo."

Mervis anachita zonse. Mphikawo anaubisa kuchipinda, kuseri kwa matumba a chimanga. Ngakhale munali mdima, kaphulikayo anakula msanga, tsinde lake lonenepa, loonekera mkati ngati chala ukachiika padzuwa.

Pamudzi panayamba zachilendo. Dzuwa likamalowa, timadengu ta pa mango tinkagwedezeka tokha, tsamba la mtengowo lili zii. Zipatso zosakhwima zinkaphulika m'maneti mwake, thu, thu, thu, motsatizana ngati munthu akuyenda pakati pake n'kumazikhudza. Unali mwezi wa Okutobala, fumbi lili paliponse, koma pamsewupo pankamveka fungo la dothi lonyowa, longokumbidwa kumene. Agalu ankafika pafupi ndi mangowo n'kubwerera, michira ili pakati pa miyendo.

"Mwalimva fungo limenelo?" amayi ochokera kumjigo ankafunsana.

"Ngati kumanda."

"Chete, tiyeni tizipita."

Tsiku lina Mervis anatsina kansonga ka duwa lake lobisika lija. M'mawa mwake anaona Luiza akugwetsa nthenga, kuitola, n'kuigwetsanso. "Chala ichi chachita dzanzi, achemwali," anafuula Luiza. Mervis anam'pepesa mokoma, mtima wake ukuvina.

Koma Luiza anaphunzira kugwira nthenga ndi dzanja lamanzere. Loweruka lotsatira panaima magalimoto ambiri kuposa kale, ena mpaka kutsekereza maluwa a Mervis kuti asaonekenso. Madzulo ake Mervis analowa kuchipinda ndi mkwiyo, n'kugwira nthambi yam'mbali kuipotokola. Inathyoka kuti tswa. Madzi amene anatuluka anali ofunda, omata m'zala.

Kutacha anthu anapeza Dario atatsamira mtengo kuseri kwa nyumba yake, nsungwi ili pamwendo, mpeni uli m'manja, khosi litapendekera kumbali. Dzulo lake lomwelo anali akuimba nyimbo za Chilomwe akuluka. Panalibe bala, panalibe matenda.

Mervis anasanza kuseri kwa khola atamva. Anaganiza zokataya mphikawo mumtsinje. Koma ali pamaliro anamva manong'onong'o akuyenda pakati pa amayi, ndipo sankanena za iye.

"Maluwa ofiira chonchija amamwa chiyani?"

"Geni yotere siyenda yokha. Wapereka mlongo wake."

"Akuti timadengu tija n'timene amaulukira."

Wina anam'kodola Mervis. "Inu mumakhala naye pafupi. Simunaonepo kanthu?"

"Ine sindinena," anayankha Mervis akuyang'ana pansi. Mawu amenewo anayenda mudzi wonse kuposa akanati anene.

Anthu analeka kum'patsa moni Luiza. Kumjigo ankachotsa ndowa zawo akam'ona. Kutchalitchi benchi yake inatsala yokha, iye ndi mwamuna wake Agostino basi. Koma a m'tauni sankadziwa za Dario. Iwo ankaona zithunzi m'mafoni mwawo n'kubwerabe, akufunsa dzina lomwe lija. Mervis anaona kuti mudzi wonse wam'da Luiza, koma iyeyo palibe chimene wapindula. Palibe ngakhale mmodzi amene anaoloka msewu kudzafunsa duwa lotchedwa Mervis.

Anatulutsa mphika uja n'kukauika kubafa, mkati mwa mpanda waudzu wopanda denga, pamene dzuwa limawomba tsiku lonse. Analeka kuuthirira.

Kaphulika sapirira dzuwa. Masana amagwa masamba, madzulo n'kudzukako pang'ono. Luiza nayenso anayamba chomwecho. Dzuwa likafika pamutu ankalefuka, khosi kugwa, manja kulendewera. Likapendeka ankatsitsimuka n'kupempha madzi. Ankamwa chikho pa chikho, milomo ili yong'ambikabe. Agostino, amene ankayendetsa thirakitala kumunda wa tiyi, anasiya ntchito n'kumayenda naye panjinga kuchipatala ndi kumapemphero. Kulikonse ankabwerako ali chimodzimodzi.

Madzulo ena Agostino anagogoda kwa Mervis. "Akukuitanani. Mudzi wonse watsala ndinu nokha."

Mervis anam'peza Luiza ali pamphasa, khungu litakwinyika ngati tsamba louma. M'nyumbamo munali fungo lomwe lija la dothi lonyowa.

"Achemwali, ludzu."

Mervis anam'tukula mutu n'kum'mwetsa. Mutuwo unali wopepuka ngati wa khanda. Anakumbuka m'munda wa tiyi muja, mvula ikuwapunda awiriwo atafunda pulasitiki imodzi, ndipo misozi inam'lengeza. Mumtima anati akangofika kunyumba athirira mphika uja mpaka usefukire.

"Mundisamalire maluwa anga," ananong'ona Luiza. "Ine sindinaphe Dario. Inu mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"A Harold anaimba foni." Luiza anayesa kumwetulira. "Akuti duwa lija alitumiza mpaka kunja. Tangoganizani, achemwali, azungu akutchula dzina langa."

Dzanja la Mervis linauma pa chikho. Anachiika pansi mosamala, n'kutsanzika. Atafika kwawo anadutsa pakhomo la bafa osayang'anako. Mawa lake, dzuwa lili paliwombo, kulira kwa Agostino kunamveka mpaka kumsewu.

Mervis anasuzumira kubafa madzulo a tsikulo kuti akataye zouma zija. Anabwerera chafutambuyo. Duwa limene m'mawa linali ngati ulusi wopsa linali litaima, lobiriwira, lonyowa ngati lavumbidwa ndi mvula, maluwa ali psuu. Anasunthira kumanja, timaso toyera tija tinam'tsatira. Anasunthira kumanzere, tinatembenukanso. Anavundikirapo beseni lachitsulo n'kuthawira m'nyumba, koma ngakhale atatseka chitseko ankamvabe njere zikumenya beseni mkati: thi, thi, thi.

Kumanda anthu anabwera ndithu, koma nyimbo zinkatuluka mozizira. Atatsitsa bokosi, a Harold, amene anafika ndi galimoto yodzaza timadengu, anapempha kulankhula.

"Ine za pamudzi pano sindizidziwa," anatero. "Chimene ndikudziwa ndi ntchito ya manja a mayi awa. Ndinaona mabeseni amene anataya, zaka ndi zaka, asanapeze duwa limodzi. Mayi awa apita, koma pakhonde lililonse pamene duwa ili lidzalendewere, anthu adzati Luiza. Adzukulu anu adzalitchula dzina limeneli."

Amayi ena amene anam'sala Luiza anaweramitsa mitu. Wina anayamba kulira zenizeni. Ana anayamba kuyala timadengu pamtumbira, manda onse n'kufiira.

"Luiza! Luiza! Luiza!"

Anali Mervis. Anali ataimirira pakati pa amayi okhala pansi, duku litagwa, mitsempha ya m'khosi itatupa.

"Anam'phunzitsa ndani? Anam'chotsa m'tiyi ndani? Si ine? Ndam'thyola chala, mukum'tchulabe! Ndam'thyolera mlongo wake, mukum'tchulabe! Ndamuumitsa padzuwa mpaka wafa, ndiye lero mukuti mpaka adzukulu? Nanga ine? Zonsezi ndachitira chiyani?"

Mervis anagwira pakamwa pake ndi manja awiri, maso akuyendayenda pa nkhope za anthu.

Agostino anadzuka pang'onopang'ono. "Mwati mwachita chiyani, amayi?"

Mervis anatembenuka n'kuthamanga. Analumpha mitumbira, kulowa m'munda wa tiyi, chitenje n'kutsala chitakodwa m'tchire. Anyamata anam'thamangitsa mpaka kumtsinje koma sanam'peze. Wina anadzati anamuona akukwera minibasi pa Nkando, wopanda nsapato. Wina anati anaolokera ku Mozambique. Pamudzipo sanaonekenso, ndipo amene anapita kukafuna a Jailos anapeza chitseko chili pululu, m'nyumba mutatsala matayala akale okha.

Amuna anasecha nyumba ya Mervis tsiku lomwelo. Kubafa anavundukula beseni, onse n'kubwerera m'mbuyo. Nthambi imodzi yam'mbali inali yothyoka, yakuda. Zina zonse zinali zamoyo, ndipo masamba ankakwera n'kutsika pang'onopang'ono, mphepo kulibe. Mwamuna wina anatukula khasu.

"Ayi!" Agostino anam'gwira dzanja. "Musam'pwetekenso."

Anagwada n'kukumbatira mphikawo kuti aunyamule. Unali mphika waung'ono, wophikira ndiwo, koma sunasunthe. Anakokanso ndi mphamvu zake zonse mpaka unatukuka, thukuta lili kamukamu. Unkalemera ngati munthu wamkulu, ndipo unali wofunda ngati thupi.

"Ndibwerekeni chitenje," anatero.

Mayi wina anamasula chake n'kum'ponyera ali patali. Amuna awiri anam'thandiza kuuika kumsana, iye n'kumanga mfundo pachifuwa monga amaberekera wodwala. Anatuluka pampandapo atawerama ndi kulemera, nthambi zitam'zungulira m'khosi, ndipo khamu lonse linagawikana kum'patsa njira. Anaoloka msewu pang'onopang'ono. Atafika pakhomo pake anakankha chitseko ndi phazi, n'kutembenuzira mutu kumsana.

"Weramani pang'ono, amayi," anatero mofatsa. "Tafika."

Amene anali pafupi amalumbira mpaka lero kuti maluwawo anawerama.