Ndolo Pansi pa Maziko

Madzulo aliwonse ana a sukulu akaweruka, Namapale ankakhala pakhonde la kalasi yakale ndi beseni la madzi, n'kumatsuka mapale ndi mswachi. Dzinali anamupatsa ndi anawo, poona mayi wophunzira bwino akutola zidutswa za mbiya ngati wozungulira mutu. Koma ntchito yake inali yomweyo. Sukulu inkamanga makalasi atsopano, ndipo lamulo linkati pokumba maziko pakhale wodziwa zakale, kuti akaona chosiyidwa ndi anthu amakedzana aimitse katapila. Tsiku lonse ankaima m'mphepete mwa ngalande, kusefa dothi ndi kulemba nambala pa chilichonse chotuluka. Chimwalirireni mwamuna wake, ntchito yosalira kulankhula inkamukomera. Mumtima munali zii, ngati mwendo wochita dzanzi.

Tsiku lina m'besenimo munatuluka wenzulo. Anali atautola pansi pa dongo lolimba, pomwe khasu silinafikepo zaka mazanamazana. Dothi silinama: munthu akakumba n'kukwirira, chipsera chimaoneka pakhoma la ngalande. Apa chipsera panalibe.

Mlonda wa pasukulupo anasuzumira m'beseni.

"Mayi, wenzulo uwu ndi wanga."

"Munautaya liti, bambo?"

"Lolemba. Ndinagona nawo m'khosi."

"Mlonda amagonanso?"

"Kuphethira chabe, mayi."

Mlondayo anaseka yekha, kuseka kwake kosafika patali. Patapita masiku awiri anamupeza pampando wake wa pageti, dzuwa likuswa mtengo, maso ali tong'o, m'kamwa mutadzaza dothi lofiira.

Ntchito sinaime. Kapitawo wa omanga, munthu woona wotchi kuposa nkhope za anthu, anati maliro ndi maliro, makalasi ndi makalasi. Koma m'ngalande munayamba kutuluka fungo la zovala zonyowa zosungidwa m'thumba, ndipo katapila akazima pankamveka kuphwanyika kwapansipansi, ngati wina akutafuna mchenga. Sabata yotsatira sefa inagwira magalasi a maso, mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi. Sukulu yonse inkawadziwa, anali a mphunzitsi wa masamu. Iyeyu anagwa pabolodi choko chili m'manja, ndipo amene anamunyamula anakana kunena zimene anaona m'kamwa mwake.

Apa mphekesera zinabuka. Ena ankaloza kapitawo, ati akufuna maziko olimba. Ena ankaloza mphunzitsi wamkulu. Ambiri ankaloza Namapale, pakuti mkazi wosalira pamaliro anthu samukhululukira. Iye ankamva zonsezi, osamva kanthu.

Mayi wosesa m'makalasi ndiye anamukokera kuseri kwa thanki ya madzi.

"Achemwali, lekani kutola."

"Ndi ntchito yanga."

"Wina akubzala usiku, inu mukumukololera masana. Chinthu chikaona dzuwa, mwini wake wapita."

"Akubzalayo ndani?"

"Ine ndimasesa basi."

Tsiku lomaliza kukumba, galimoto ya konkire inafika m'mamawa n'kuima pafupi, chimimba chake chikuzungulira. Namapale anatsikira m'ngalande kuti aonemo komaliza. Anapala pakona ndi kampeni kake, ndipo m'dongomo munang'anima kanthu kakang'ono. Anakaphimba ndi chikhato msangamsanga, dzuwa lisanakwere pakhoma la ngalande. Sanafunike kukaonanso. Inali ndolo yooneka ngati kanyenyezi, inzake ya imene inatsala kukhutu kwa mwana wake wamkazi, mwana mmodzi yekhayo, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Dzana lomweli anali atamukalipira kuti ndi wosasamala.

Anagwada pomwepo nthawi yaitali. Akaitulutsa, mwana wapita. Akaimitsa ntchito, lamulo lomwelo libweretsa anzake a ku ofesi ndi masefa awo, ndipo adzaitulutsa ndi iwo. Anadikira kuti mantha abwere, kapena misozi. Sizinabwere. Anangomva kuzizira kwa dongo m'mawondo.

"Mayi!" anakuwa kapitawo ali pamwamba. "Konkire sadikira munthu. Mwapezamo kanthu?"

Namapale anakokera dothi pansi pa chikhato, nalitsendera ndi chidendene. Zaka khumi ndi zisanu za ntchito, anali asanabisepo ngakhale phale limodzi.

"Mulibe kanthu. Thirani."

Anatuluka m'ngalandemo, naimirira pambali n'kumaonerera konkire akukhuthukira m'ngalande, wotuwa, wolemera, mpaka kona ija inasowa. Omanga anasalaza pamwamba ndi thabwa akuimba.

Atafika kunyumba anapeza mwana ali moyo, atakhala patebulo ndi kope lake. Namapale anatsamira chitseko. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kumanda kwa mwamuna wake, mtima unagunda mpaka kumupweteka, ndipo anakondwa. Anathamanga kuti amunyamule, koma kamwana kowonda kaja, kamene ankakakweza ndi dzanja limodzi, sikanasunthe pampando. Anayesanso ndi manja awiri, msana unalira.

Mwana anakweza maso pang'onopang'ono, akupuma mobanika.

"Amayi, auzeni achotse. Akundiunjikira chinthu pachifuwa, ndipo chayamba kuuma."