Nsato Imene Justino Anasankha

Justino ankakankha njinga ya matumba a batata pa malire a Kalomwe. Batatayo inali ya eni ake, iye chake chinali thukuta ndi msana wopweteka. Nyumba yake inkadontha, mkazi wake Efigénia ankachita kusuntha mphasa ya mwana wawo Lurdes mvula ikayamba.

Koma umphawi sunkamuwawa ngati mmene Salvador ankamuwawira. Awiriwa anakhala benchi limodzi pa sukulu ya mishoni ku Fonte Boa, ndipo Salvador ankaonera masamu kwa Justino. Tsopano Salvador anali ndi sitolo, loja yaikulu ku Ulongwe, ndi kamiyau, lole yonyamula chimanga kupita ku Tete. Tsiku lina kamiyauyo inamuwaza matope Justino, Salvador n'kusuzumira pawindo.

"Ukadali pa njinga, Justino?"

Anthu anaseka. Justino sanapukute matopewo. Mawa lake anakwera chapa, kaminibasi, kupita kuseri kwa phiri la Domwe, kumene kunkakhala a Arcanjo, sing'anga amene anthu ankamutchula monong'ona.

A Arcanjo sanamufunse chimene wabwerera. Anamutengera kuseri kwa nyumba dzuwa lili paliwombo, n'kumuonetsa madengu awiri ndi mbiya yaikulu.

"Ine sindisankhira munthu," anatero. "Musankhe nokha."

Anavundukula dengu loyamba. Munali kansato kotuwa ngati phulusa, kotalika ngati mkono.

"Aka n'kofatsa. Kamadya mazira ndi mbewa. Njala simudzagona nayo, mwana adzaphunzira. Koma njinga simudzaisiya."

"Ndiye ndavutikiranji kubwera kuno?"

M'dengu lachiwiri munali yakuda, yotalika ngati munthu.

"Iyi ndi yaukali ikamva njala. Imafuna mbuzi mwezi ukaoneka. Mudzakhala ndi loja ndi ng'ombe."

"Zimenezo Salvador ali nazo kale. M'mbiyamo muli chiyani?"

A Arcanjo anachedwa kuchotsa chivundikiro. Nsato ya m'menemo inali yonenepa ngati ntchafu, khungu lachikasu ndi lakuda, lowala ngati chitenje chatsopano. Inadzutsa mutu n'kumuyang'ana Justino osaphethira.

"Musatengeke ndi maonekedwe," anatero a Arcanjo. "Iyi ndi yansanje."

"Imadya chiyani?"

"Imasankha yokha. Chimene mwini wake wachikonda, iyo imadana nacho."

"Ine palibe chimene ndimakonda. Dziko lonseli limandinyansa."

"Ambiri amatero. Dziwani kuti ikalowa m'nyumba mwanu, kuno sibwereranso."

Justino anatenga ya m'mbiya.

Chaka chisanathe anali atamanga nyumba ya malata, n'kupatula chipinda chimodzi chimene ankachikiya yekha. Anatsegula loja moyang'anizana ndi ya Salvador, n'kutsitsa mitengo mpaka Salvador anatseka. Anagula kamiyau ziwiri. Anzake okankha njinga anayamba kumutcha patarau, bwana wawo, iye n'kumawakalipira ngati sanakankhepo njinga.

Anagulanso nkhunzi yofiira imene ankaisisita pamaso pa alendo. Tsiku lina anaipeza itafa m'khola, nthiti zonse zitaphwanyika, popanda bala. Justino anamvetsa, koma anati ng'ombe ndi ng'ombe, agula ina.

Lurdes atakhoza mayeso ake, Justino anamugulira nsapato ndi diresi loyera, n'kumukweza kutsogolo kwa kamiyau kuzungulira naye Ulongwe. Pamsika ananena mokweza kuti, "Chuma chonsechi n'cha mwana uyu." Kuyambira tsiku limenelo nsato inakana mbuzi. Inakana nkhuku. Inkangogona mutu utaloza khoma la chipinda cha mwanayo.

Lurdes anayamba kuwonda. Ankati pachifuwa pakuthina, ngati chinachake chikumukulunga. Kuchipatala anamupima, sanapeze kanthu. Efigénia anaitana padiri kudzapemphera, koma Justino anamubweza pakhomo.

Masana ena Justino ali ku loja, Efigénia anatenga nkhwangwa n'kuphwanya chitseko cha chipinda chija. Anaona nsato itadzaza theka la chipinda, ndipo pakati pa mapindi ake panali diresi loyera la Lurdes limene linali litasowa pa chingwe. Anapita ku loja nkhwangwa ikadali m'manja.

"Abambo a Lurdes, m'nyumba mwanga mwaikamo chiyani?"

"Tsitsani mawu, amayi. Pali anthu."

"Amve. Ine ndinadandaulapo kuti nyumba ikudontha? Ndinakupemphanipo kamiyau? Ndinkagona pamphasa yonyowa, mwana wanga ali wamoyo, akuseka. Inu mwamugulitsa chifukwa Salvador anakuwazani matope."

"Sindinadziwe kuti ifika kwa mwana."

"Munadziwa. Ng'ombe ija itafa munadziwa. Pitani kumene munaitenga, lero lomwe."

Justino anapita. A Arcanjo anali akusenda chimanga ndipo sanaimirire.

"Ndisinthireni," anatero Justino. "Ndipatseni kakang'ono kaja."

"Kaja anatenga munthu wina. Akudya bwino ndi ana ake."

"Ndiye ndichite chiyani? Mwana akufa."

"Njira ilipo. Muitenthe pamodzi ndi zonse zimene inabweretsa. Nyumba, loja, kamiyau. Musasiye ngakhale supuni. Mubwerere pa njinga, mwana adzadzuka."

Justino anabwerera ali ndi mafuta a galimoto m'chigubu. Anafika pa loja n'kupeza kamiyau zonse zitapakira feteleza wopita ku Tete, ogula atadzaza pakhomo. Anaona Salvador ali tsidya la msewu, atakhala pa khonde la loja yake yotseka. Anaganiza za mmene Salvador adzasekere akamuona akukankhanso matumba. Anabisa chigubu kuseri kwa kauntala.

"Ulendo uno wokha upite," anamuuza mkazi wake atafika kunyumba. "Zikabwerako nditentha."

Efigénia anamulavulira kumaso. Anabereka Lurdes kumsana kuti athawire naye kwa amayi ake, koma mwanayo anamwalira ali m'njira, asanafike pokwerera chapa.

Atachoka kumanda, Efigénia sanakhale pa maliro. Anakapeza chigubu chija ku loja n'kudzathira mafutawo nyumba yonse, anthu akuona, ndipo palibe anamugwira dzanja. Moto utakula, Justino analowa mothamanga. Sanalowere zovala za mwana wake kapena chithunzi chake. Analunjika ku chipinda cha nsato. Amuna anamukoka atapsa msana ndi manja, iye akuwaluma ndi kuwatukwana. M'phulusa anapezamo mbiya yosweka, mafupa a njoka sanaoneke.

Kamiyau imodzi inagubuduzika pa phiri potsikira ku Tete, inayo dalaivala anathawa nayo. Efigénia anabwerera kwawo, ndipo dzina la mwamunayo salitchula. Justino mutu unasokonekera. Amakhala kuseri kwa msika wa Ulongwe, amakwawa ndi mimba m'fumbi, ndipo akaona mtsikana wa sukulu amabisa nkhope n'kulira.

Munthuyu anauzidwa zonse, ndipo anapatsidwa mpata kawiri. Poyamba akanatenga zomukwanira, anakana. Kachiwiri akanapulumutsa mwana wake, anasankha katundu. Dyera ndi lotero: limakuonetsa chinthu chachikulu ndi chowala, n'kukuuza kuti ulibe chotaya. Chuma cha mankhwala chimalipidwa ndi anthu a m'nyumba mwako, ndipo amene amayamba kulipira ndi amene sanalakwe.