Mailo wa Esitere

Kwa aSakala, kalipentala wa ku Petauke, bodza silinkagona m'nyumba. Mwana akaswa kapu ankanena yekha asanafunsidwe. Mwana wao Esitere anakulila momwemo, ndipo atapeza nchito yosunga mankhwala pa kachipatala kena ka kwa Mwape, amai ake analila ndi chimwemwe. Bambo ake anangoti, "Mwana wanga, kumeneko ukusunga miyoyo ya anthu, osati mabotolo."

Miyezi yoyamba mtsikanayu anali wachangu. Koma panali Christabel, wolemba makadi a odwala, mlesi wa pakamwa potsekemela. Iyeyu ndiye anamuuza kuti pepala silithawa, abwele pansi pa mango aonele limodzi mafilimu pafoni. Anamuphunzitsanso kanzelu koipa: akuluakulu akafunsa za nchito, ayankhe liwu limodzi basi, mailo. Paja kwathu kuno mailo ndi tsiku lapita, mailo ndi tsiku likubwelalo. Wofunsa asankhe yekha.

Ndiye jekeseni yoletsa magazi mai akabeleka inatsala pang'ono kutha. Galimoto ya ku Nyimba, yomwe inkatenga mapepala oitanitsila mankhwala kamodzi pamwezi, inabwela n'kubwelela Esitere asanalembe n'komwe. M'mawa mwake sisita Ngoma, mkulu wa chipatalacho, anamufunsa akudutsa.

"Pepala lija, kutumiza?"

"Mailo, amai."

Sisita anamva kuti linapita kale, mtima n'kukhala pansi. Esitere anadzitonthoza kuti sananame, alitumiza ndithu kukacha. Ananama, mwana wa aSakala, ndipo pepalalo silinalembedwe.

Patatha milungu iwili kunabwela mai Tembo kudzachila, amai ofatsa amene ankamubweletsela Esitere mtedza wokazinga n'kumamutcha mwana wao. Anabeleka mwana wamkazi m'mawa, koma magazi osaleka. Sisita anathamangila ku filiji kukatenga jekeseni ija, anapeza mbee, mulibe. Anamuyang'ana Esitere, kenako n'kuitanitsa ambulansi. Ambulansi inafika dzuwa litapendeka, ndipo mai Tembo anatsilizikila panjila.

Esitere anatsala atafukata khandalo, misozi ikugwela pachitenje. Palibe anamukakamiza. Anagwada yekha pamaso pa sisita n'kuulula zonse, podziwa kuti nchito yathela pomwepo.

Bambo ake anabwela kudzamutenga. Sanamukalipile. Anamunyamulila chikwama, ndipo ali pa siteji anamufunsa motsitsa mawu chimene chikanachitika akanangoti sindinalembe.

"Sisita akanatuma njinga yamoto ku Nyimba tsiku lomwelo," anatelo Esitere, n'kubisa nkhope paphewa pao.

Inu achinyamata amene mwapatsidwa odwala m'manja, mvelani. Ukalakwa pa nchito, nena msanga, nenanso momveka, anzako akonze nthawi ikadalipo. Mawu a nkhope ziwili ndi bodza ndithu, ndipo m'chipatala bodza limapha. Mulungu anamukhululukila Esitere, sindikukayika. Koma kamtsikana ka mai Tembo kaja kakukulila kwa azakhali ake, ndipo bele la amake sikanalilaweko.