Ufa Wachikasu wa ku Tchalitchi

Flora adachoka mochedwa pa tchalitchi chogawa chakudya ku South Bend, kutsidya kwa nyanja, basi yomaliza itapita kale. Mzere udali wautali, ndipo iye adangopeza paketi imodzi ya ufa wachikasu. Kunyumba mwana wake Chawezi adali atagonera tiyi yekha, m'manja mwa neba. Mtima unkamuwawa. Dziko lotaya chakudya chonchi, mwana wake n'kugona ndi njala?

Njira yachidule inkadutsa m'mbali mwa manda akale. Ankayenda chocheuka.

Pa geti la mandawo padaima mayi wachizungu, wowonda, atafunda shawelo yakuda. Pansi ponse chipale chofewa chozizira, iye wopanda nsapato. Maso ake adali pa paketi ija.

"Taya zimenezo," adatero mayiyo. "Zidandiphera mwana wanga Edmond."

Flora adafulumira. Mayi uja adali pambali pake... mapazi osamveka. Ankalankhula mokukuta mano. Kwawo ku Ireland, akuti, mbatatesi zidaolera m'nthaka, minda yonse fungo lokhalokha. Zombo zinkatuluka ndi tirigu, anthu akudya udzu. Kenako akuluakulu adawatumizira chimanga chouma gwa ngati miyala, osawauza kaphikidwe kake. Iye adampatsa mwana wake chosapsa. Chidamung'amba m'mimba.

Dzanja la mayiyo lidagwira paketi. Lozizira! Flora adakoka. Nalonso lidakoka. Pepala lidayamba kung'ambika...

Mantha adasanduka ukali.

"Siyani, amayi! Ndi chakudya cha mwana wanga ichi. Njala ndimaidziwa ine, kwathu mu 2002 tidadya mizu ya nthochi. Chimanga sichipha. Mumagaya, mumasefa, n'kuwiritsa mpaka chipse."

Dzanja lija lidamasuka.

"Basi? Zokhazo?" adafunsa mayiyo. "Ndiye padalibe ndi mmodzi yemwe wotiuza?"

Flora adadzutsa mutu. Padalibe munthu. Pa chipale padali mapazi ake okha.

M'mawa, Chawezi atamwa phala lake, Flora adabwerera ku tchalitchi ndi cholembera. Adauza Tiffany, mtsikana wogawa chakudya, kuti paketi iliyonse ilembedwe kaphikidwe isanatuluke, chifukwa kupatsa munthu chakudya osamuuza kanthu n'chipongwe. Tiffany adaseka mwamanyazi, n'kuloza chithunzi chakale pakhoma. Adati amenewo ndi Honora Gray, amene adayambitsa ntchito yogawayi atabwera kuchokera ku Ireland. Adasiya lamulo loti chimanga chisadzagawidwe pamalopo, ndipo dzulo, mashelefu atauma, m'pomwe adaliphwanya koyamba.

Flora adayandikira. Shawelo yomwe ija. Maso omwe aja...

Pansi pa chithunzicho padalembedwa kuti adamwalira mu 1903.