Shuga wa Nusret

Nkhondo itangotha, mazenera a mu Sarajevo anali a pulasitiki okhaokha. Choncho Belkisa ataona mnyamata pokwerera tiramu, sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda, galasi lili kumsana, mpukutu wa mapulasitiki akale uli m'khwapa, manyazi anawaika pambali.

"Achimwene, mapulasitikiwo mukukataya?"

"Kodi moni naye anafera kunkhondo?" mnyamatayo anaseka. "Ndine Nusret, ndimaika magalasi. Mukufuna kufolera chiyani?"

"Ndikufuna kujambulapo zithunzi. Nsalu yojambulira kulibe."

"Wojambula! Mumzinda wopanda madengawu? Koma ndiye mwasankha njala."

Anamupatsa mpukutu wonse, mtima nawo n'kupitira pomwepo.

Masana Belkisa ankagwira ganyu yopala njerwa za nyumba zogumuka mpaka zala kung'ambika. Akaweruka ankasinja njerwa zomwezo kuti apeze utoto wofiira, wakuda n'kuupeza ku mwaye. Koma utotowo sunkamata papulasitiki pokhapokha ausakanize ndi madzi a shuga. Ndiye shuga masiku amenewo, ndani ankamuona?

Nusret akachotsa pulasitiki pazenera la munthu, ankathamangira nayo kwa Belkisa.

"Kambalame kanga," ankatero akupukuta mwaye pachipumi pake, "ndidzakuikira zenera lalikulu, dzuwa lizidzakupeza usanadzuke."

"Anthu a magalasi inu malonjezo anu sachedwa kusweka."

"Langali ndi lochindikala, wapamtima. Uliponyere mwala uone!"

Tsiku linafika, Nusret anabwera ndi malume ake, a Hajrudin, kudzafunsira mbeta. Pa nkhani ngati imeneyi pakamwa sipayankha, amayankha ndi khofi. Akabwera wotsekemera ndiye kuti avomera, akabwera wowawa mlendo amadziwa yekha pomwe pali chitseko.

Mayi a Belkisa, a Zumreta, anali atabisa shuga m'kachitini kudikira tsikuli. Sankadziwa kuti mwana wawo anakatulukira kalekale, n'kuthera shugayo pa chithunzi cha Nusret choti adzamupatse pa ukwati. Atatsegula kachitiniko kukhitchini anapeza timibulu towerengeka. Akapemphe kwa aneba alendo ali pampando? A Zumreta, kunyada konse kuja? Anakokota kachitiniko osauza munthu, n'kumupatsa Belkisa thireyi.

Belkisa analowa akumwetulira, osadziwa kuti khofiyo ngwowawa. Nusret anapsontha kamodzi, nkhope n'kugwa. A Hajrudin anaika kakapu pansi mwaulemu.

"Zikomo mayi, tamva. Tiye mphwanga."

"Nusret, chavuta n'chiyani?"

"Ukanangondiuza tili awiri, Belkisa. Mpaka kumwetulira?"

Chitseko chitatsekeka Belkisa analawa khofi wotsalayo. Kuwawa ngati ndulu! Anathamanga wopanda nsapato, koma tiramu inali itanyamuka. M'mawa mwake atapita kukamufuna, a Hajrudin anamuyankhira pazenera.

"Wakwera basi ya ku Austria. Manyazi mwatipatsawa akwana, mwana iwe."

Belkisa analira mpaka maso kutupa. Munthu ungataye mwamuna chifukwa chomukonda mopitirira? Chithunzi chija anachipinda n'kuchiika pansi pa bedi. Koma kujambula sanasiye. Anajambula amayi otunga madzi m'zigubu, ana osewera m'tiramu yopserera, agogo olima kabichi pakhonde la nyumba yosanja. M'nyengo yachisanu ankajambula atavala magolovesi, m'mimba mukulira. Aneba ankati mtsikanayu nkhondo inamusokoneza mutu.

Patapita zaka, aneba omwewo anavala masuti kubwera ku chionetsero chake. Holo inadzaza mpaka pakhomo. Anthu ankaima kutsogolo kwa mapulasitikiwo n'kumalira, chifukwa aliyense ankakumbukira zenera lake. Belkisa mtima unadzaza chimwemwe, koma pakona pake panali pozizirabe.

Foni yake inalira. Uthengawo unachokera pa nambala yachilendo: "Ndaona dzina lako m'nyuzi. Mapulasitiki anga afika patali. Ndili panja, sindilowa. Nusret."

Anayankha: "Lowa udzatenge shuga wako."

Analowa, imvi zitayamba m'mbali, chipewa chili m'manja. Belkisa sanamupatse moni. Anamugwira dzanja n'kumukokera ku chithunzi chachikulu cha pakati, cha mnyamata wobereka galasi, chija chinali pansi pa bedi.

"Nyowetsa chala, ukhudze apa pamtima, ulawe."

"Belkisa, anthu akuona."

"Aone! Lawa!"

Nusret analawa, n'kuima chilili.

"Chikutsekemera..."

"Ndi shuga wa khofi wako ameneyo, chitsiru iwe! Ndinathera pa iwe yemwe. Ukanafunsa, lilime likanathothoka?"

"Khofi safunsidwa, kambalame kanga," anatero misozi ikutsikira m'ndevu. "Zaka zonsezi ndakhala ndekha, ndikumwa wowawa dala."

A Zumreta, omwe tsopano ankayendera ndodo, anadzipanikiza pakati pa anthu. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa timiyala ta shuga todzaza dzanja. Chichokereni tsiku lija sankayenda opanda shuga.

"Mwana wanga, kunyada kwanga n'komwe kunakuthamangitsa. Wina abweretse khofi msanga, ndisanafe!"

Khofi atabwera, anathiramo shuga mpaka supuni kuima. Nusret anagugudiza yense, holo yonse ikuomba m'manja.

"Yankho walimva tsopano?" Belkisa anafunsa.

"Ndalimva mpaka m'mano."

"Ndiye mawa ubwere ndi galasi. Zenera langa lija likadali la pulasitiki."